Kodi mafuta angateteze tsabola ndi mavwende ku matenda obwera ndi nsabwe?

Funso

Ndine mlimi wa kufupi ndi Kamwendo ku Mchinji. Ndili ndi dimba momwe ndimalima tsabola wobiriwira, mavwende, mpiru ndi mbatatesi pang'ono. Chino ndi chaka chachiwiri masamba a tsabola ndi mavwende akuchita mawangamawanga ndi kukwinyika, zipatso n'kumatuluka zopindika. Alangizi akuti ndi matenda a vayirasi obwera ndi nsabwe. Koma ine ndimapopera cypermethrin sabata iliyonse, ndipo nsabwezo sindiziona n'komwe. Alamu anga amene anagwirapo ntchito pafamu ku Joni akuti kumeneko amapopera mafuta. Kodi n'zoona? Ndi mafuta ati? Ophikira angathe? Nanga oilo wakale wa galimoto?

Yankho

Bambo, alamu anuwo sanakunamizeni. Mafuta amapoperedwadi, ndipo si nzeru yadzulo. M'chaka cha 1962 wofufuza wa ku Canada, a R. H. E. Bradley, pamodzi ndi anzawo anaonetsa kuti tsamba likakhala ndi mafuta opyapyala pamwamba, nsabwe zimalephera kufalitsa bwino vayirasi wa mbatatesi wotchedwa PVY. Kuyambira nthawi imeneyo alimi a mbewu ya mbatatesi ku Ulaya ndi ku Canada, komanso alimi a tsabola ndi maungu ku Florida m'dziko la America, akhala akuigwiritsa ntchito njirayi. Koma musanathamangire kusitolo timvane kaye, chifukwa ambiri amene amakhumudwa ndi mafutawa amakhala kuti awapatsa ntchito imene si yawo.

Tiyambe ndi chimene chakuzunguzani mutu. Mukupopera sabata iliyonse, nsabwe simukuziona, koma matenda akungofalabe. Nsabwe zimene timaziona zitaunjikana kunsi kwa tsamba, zopanda mapiko zija, si zimene zimayambitsa vutoli. Zovuta kwambiri ndi zamapiko, zongodutsa, zimene zimabwera ndi mphepo kuchokera m'minda ina. Nsabwe yamapiko ikatera pa tsamba siyamba n'kudya. Imalawa kaye. Imalowetsa kamlomo kake pang'ono chabe m'khungu la tsamba n'kuyamwa timadzi tochepa kuti imve ngati chomeracho n'chimene imadya. Kulawako nthawi zambiri sikufika ndi mphindi imodzi yomwe. Ngati tsambalo linali lodwala, vayirasi amamatirira kunsonga kwa mlomowo, ndipo ikauluka kukalawa chomera chotsatira imamusiya m'menemo. Zili ngati singano ya jakisoni imene ikubaya anthu motsatizana osaisintha. Pakapita mphindi zingapo, kapena maola ochepa, vayirasi uja amachoka pamlomopo, nsabweyo n'kukhala yopanda matenda mpaka italawanso chomera china chodwala.

Ndiye taganizirani mankhwala anu aja. Amafuna nthawi kuti agwire ntchito. Nsabwe imafa ndithu, koma imafa itabaya kale. Choipanso n'chakuti nsabwe imene tsabola wanu sanaikomere ndi imene imayendayenda kwambiri, kulawa apa, kudumpha, kulawa apo, kenako n'kupitirira ulendo. N'chifukwa chake dimba lonse limatha kudwala mwini wake osaonapo nsabwe ndi imodzi yomwe. Mankhwala a gulu la cypermethrin nthawi zina amazitekesa nsabwe zisanafe, n'kumadumphadumpha mopitirira muyeso. Amaphanso tizikumbu tofiira tamadontho akuda tija, timene timakudyerani nsabwe mwaulere, ndiponso njuchi zimene mavwende anu sangabereke popanda izo. Ine ndinena mosabisa: kupopera cypermethrin sabata iliyonse pofuna kuletsa vayirasi wa mtundu umenewu n'kutaya ndalama. Asungeni mankhwalawo mpaka tsiku limene muone nsabwe zitamanga mudzi pansonga za mbewu, kapena mbozi zitayamba kuboola zipatso.

Mafuta amagwira ntchito pamalo ena. Madzi amene mwasungunulira akauma, mafuta amatsala atayala pa tsamba, makamaka m'timizere tating'onoting'ono ta pakhungu lake, momwe nsabwe imakonda kulowetsa mlomo. Mlomowo ukadutsa m'mafuta, vayirasi samatirira bwino. Nsabwe imavutika kutola matenda pa chomera chodwala, ndipo imavutikanso kuwasiya pa chomera chabwino. N'zoona kuti mafuta amatsamwitsa nsabwe zina ndi akangaude ofiira amene awagwera mwachindunji, koma imeneyo ndi mbasela chabe. Ntchito yeniyeni ili pamlomo paja.

Pamenepa mutha kuona nokha malire ake. Chomera chimene chadwala kale sichichira, ngakhale mutachisambitsa m'mafuta, ndipo palibe mankhwala aliwonse m'sitolo amene amachiza vayirasi m'chomera. Wina akakugulitsani botolo n'kunena kuti likuchiza mawanga amenewa, bwezani ndalama m'thumba. Komanso mafuta salowa m'kati mwa chomera kuti aziyenda ndi madzi ake. Amateteza pokhapo pamene agwera. Tsamba limene munalipopera Lolemba limakhalabe lotetezedwa kwa sabata kapena kupitirira, koma vwende limayanga msanga, ndipo pofika Lachisanu lili ndi masamba atsopano amene sanaonepo mafuta. Masamba anthete amenewo ndi amene nsabwe zimawakonda. Ndipo ngakhale mutachita zonse molondola, mafuta amachepetsa ndi kuchedwetsa matenda, sawathetseratu. Kuchedwetsako musakupeputse. Tsabola wodwala ali ndi masamba anayi amapinimbira osakupatsani kanthu, pamene wodwala atayamba kale kubereka mumakololabe zambiri. Phindu lonse la njirayi lili pa kukankhira matenda kutsogolo ndi masabata angapo.

Musanawononge ndalama, tsimikizani kuti matenda anu ali m'gulu limene mafuta amathandiza. Amene amafala mwa kulawa kuja ndi monga PVY pa mbatatesi, tsabola, tomato ndi fodya, CMV amene amagwira mbewu zamitundumitundu, ZYMV ndi WMV pa mavwende, nkhaka ndi maungu, TuMV pa mpiru, repu ndi chainizi, ndi BCMV pa nyemba. Zizindikiro zimene mwafotokozazi, mawanga obiriwira kwambiri osakanikirana ndi otuwa, tsamba lotupatupa, chipatso chopindika, zikugwirizana ndi gulu limeneli. Koma pali mavayirasi ena amene nsabwe imayenera kudya kwa nthawi yaitali kuti iwatole, ndipo amalowa m'thupi mwake n'kukhalamo masiku ambiri. Kadukutu wa mtedza, amene alimi a ku Mchinji mumamudziwa bwino, ali m'gulu limeneli, pamodzi ndi bushy top wa fodya ndi matenda opinda masamba a mbatatesi. Pa amenewa mafuta sathandiza kwenikweni. Tomato wopindika masamba n'kuchita chikasu m'mphepete, mukamugwedeza n'kuuluka tintchentche toyera, ameneyo ndi nkhani ina.

Pali ndi vayirasi wina amene m'dera la fodya ngati lanu sindingamudumphe. Uyu ndi TMV, vayirasi wa mawanga a fodya, ndipo safuna nsabwe ayi. Amayenda ndi manja, mipeni ndi zovala. Munthu akachoka kosankha fodya m'chigafa, kapena wangopichira kumene chingambwe, n'kubwera kudzawokera tsabola kapena kuthena tomato, amamufalitsa mzere wonse. Mawanga ake amafanana ndi a mavayirasi a nsabwe. Mukaona kuti zomera zodwala zandandalika motsatana mumzere umodzi, kutsatira mmene munthu amayendera, ganizirani za manja. Zikakhala zamwazikana apo ndi apo, makamaka m'mphepete mwa dimba kumene kumachokera mphepo, ganizirani za nsabwe. Sopo ndi ndowa ya madzi pakhomo la dimba n'zotsika mtengo kuposa mankhwala aliwonse.

Tsopano mafuta ake. Oilo wa galimoto, watsopano kapena wakale, dizilo ndi palafini wa nyali, zimenezi zisayandikire mbewu zanu. Zimawotcha masamba tsiku lomwelo, ndipo oilo wakale ali ndi zitsulo ndi zoipa zina zimene simungafune kuti zilowe m'dothi la dimba kapena m'mimba mwa ogula anu. Mafuta oyenera ndi opangidwira kupopera mbewu, oyengedwa kwambiri, osakanizidwa kale ndi mankhwala owathandiza kusungunuka m'madzi. Pa botolo amalemba kuti mineral oil, horticultural oil kapena spray oil. Ndi mtundu womwewo umene alimi a malalanje amapopera pofuna kupha tizilombo tokakamira pa nthambi. Ku America otchuka pa ntchito ya mavayirasi ndi JMS Stylet-Oil. Pa chizindikiro yang'anani zilembo zakuti UR, zimene zimasonyeza kuyengedwa kwake, ndipo nambala yake ikhale 92 peresenti kapena kuposa. M'timasitolo ta m'misika mafutawa sapezekapezeka, choncho funsani m'masitolo akuluakulu a zipangizo zaulimi ku Lilongwe, ndipo mugule okhawo ovomerezedwa ndi Pesticides Control Board, a m'botolo lake lomata bwino. Za kuthiriridwa m'kabotolo ka zakumwa pamsika, ayi.

Nanga ophikira? Amathandizako, koma kafukufuku amene anayerekeza mafuta a mbewu ndi a mineral oil nthawi zambiri amapeza kuti a mbewu amatsalira. Amanandanso, amatseka nozo, ndipo sasakanikirana ndi madzi pokhapokha mutathiramo sopo. Ngati ndi okhawo amene mungawapeze, tengani miyeso inayi ya mafuta a soya kapena a mpendadzuwa ndi muyeso umodzi wa sopo wamadzi wotsukira mbale, muthire m'botolo, mukhutchumule mpaka ziyere. Pa lita imodzi ya madzi muthire mamililita 10 a msakanizowo. Sopo waufa wochapira zovala musayese, amawotcha. Poperani kaye zomera zisanu kapena khumi, mudikire masiku awiri, muone ngati m'mphepete mwa masamba simunapse.

Muyeso wa mafuta ogula aja nthawi zambiri umakhala pakati pa 0.75 ndi 1 peresenti, koma chizindikiro cha pa botolo ndiye chikhale bwana. M'sipuleya ya kumsana ya malita 16, amenewo ndi mamililita 120 mpaka 160. Musawonjezere poganiza kuti zigwira ntchito msanga, chifukwa chimene chimateteza ndi kufika paliponse, osati kuchuluka. Thirani madzi mpaka theka, kenako mafuta, mukhutchumule, n'kudzazitsa madzi. Mukamayenda muzigwedeza sipuleyayo pafupipafupi. Mukaima kucheza ndi mnzanu wa dimba loyandikana kwa mphindi khumi, mafuta amayandama pamwamba, ndiye mizere yoyamba imalandira madzi okhaokha, yomaliza n'kulandira mafuta ochuluka n'kupsa. Ndaonapo dimba la tsabola limene munthu akanatha kuloza ndi chala pamene thanki iliyonse inathera: zomera zinayi kapena zisanu zomaliza zinali ndi masamba onyezimira, akuda ngati anyowa, m'mphepete mwake mutauma gwa.

Gwiritsani ntchito nozo yotulutsa nkhungu yozungulira, osati yotambalala ija ya mankhwala ophera udzu. Popani mwamphamvu kuti timadontho tikhale tating'ono, muyende pang'onopang'ono, mutembenuzire ndodo m'mwamba kuti kunsi kwa masamba kunyowenso, ndipo muonetsetse nsonga zimene zikukula. Tsamba linyowe koma lisachite kudontha. Apa ndiyenera kukuuzani chinthu chimene ogulitsa sanena. Zotsatira zabwino za ku Florida zija zinapezeka ndi makina a thirakitala opopa ndi mphamvu ya mabar pafupifupi 28 (bar ndi muyeso wa mphamvu yopopera). Sipuleya ya kumsana imafika mabar atatu kapena anayi basi. Kufamu kumene alamu anu anagwira ntchito n'kutheka kuti anali ndi makina otero. Inu ndi dzanja lanu simungafanane nawo, ndipo chitetezo chimene mupeze chikhala chocheperapo. Chimene chikukuthandizani n'chakuti dimba lanu ndi laling'ono, ndiye mutha kuchedwa pa chomera chilichonse, chinthu chimene thirakitala silingachite.

Yambani mbewu zikangomera kapena zikangogwira pambuyo powokera, matenda asanaoneke. Mavwende ndi nkhaka, poti zimakula msanga, zimafuna kawiri pa sabata m'masabata oyambirira. Tsabola ndi mbatatesi kamodzi pa sabata. Dziwaninso kuti zizindikiro zimatenga sabata imodzi mpaka atatu kuti zioneke chomera chitabayidwa. Mukapopera lero n'kuona mawanga sabata yamawa, musati mafuta alephera. Chomeracho chinadwala musanayambe.

Chenjezo lalikulu ndi dzuwa. Mafuta amawotcha masamba kukatentha kupitirira madigiri 30, ndiponso mbewu zikakhala ndi ludzu. Kwanu kuno mu Juni ndi Julaye zimenezi si vuto kwenikweni, koma mu Okutobala ndi Novembala masana kumapitirira pamenepo. Thirirani kaye dzulo lake kapena m'mawa, mupopere madzulo dzuwa litapepa, nthawi imenenso njuchi zachoka pa maluwa. Musasakanize mafuta ndi salufa, ndipo pakati pa ziwirizi pazidutsa masabata osachepera awiri, atatu n'kwabwino koposa. Chenjeraninso ndi mankhwala olimbana ndi matenda a fangasi otchedwa chlorothalonil, amene ambiri mumamudziwa kuti Daconil, ndi captan. Onsewa akakumana ndi mafuta pa tsamba amatha kuwotcha. Alimi ambiri ali ndi chizolowezi chothira zonse m'thanki imodzi kuti asayende kawiri. Ndi mafuta chizolowezi chimenechi chimapha dimba.

Tiwerengere limodzi. Tinene kuti mavwende anu amatha mathanki atatu pa ulendo umodzi. Kawiri pa sabata kwa masabata asanu ndi limodzi ndi maulendo 12, kutanthauza mathanki 36. Pa mamililita 120 thanki iliyonse, mukufunika mafuta opitirira pang'ono malita anayi, osawerengera msana wanu ndi madzi otunga. Funsani mtengo wa malita anayiwo, muyerekeze ndi ndalama zimene munataya chaka chatha. Pa mavwende ndi tsabola wobiriwira, mbewu zimene zimakhalitsa m'munda ndiponso chipatso chopindika sichigulika, ine ndikuona kuti n'zoyenera kuyesa. Pa mbatatesi n'zaphindu makamaka ngati mukufuna kusungako mbewu. Pa mpiru sindingakulimbikitseni. Mumathyola masamba sabata iliyonse, mbewuyo sikhalitsa, ndipo ndiwo zamasamba zonyezimira mafuta amayi pamsika amazikayikira. Kabichi naye amataya kutuwa kwake kwachilengedwe akapoperedwa mafuta.

Koma bambo, ndikadakhala ine, ndalama yoyamba sindikadaiika pa mafuta. Nsabwe sizibadwa ndi mavayirasi amenewa. Zimawatola penapake pafupi, chifukwa sizingawasunge pamlomo kwa nthawi yaitali. Ndiye funso ndi lakuti, m'dimba mwanu kapena mozungulira, chomera chodwala chimene zikutolapo chili kuti? Mwatchula mbatatesi pang'ono. Ngati mbewu yake ndi timbatatesi ting'onoting'ono togula pamsika kapena totsala chaka chatha, n'kutheka kwambiri kuti PVY mukumubzala nokha, chifukwa amakhala m'kati mwa mbatatesiyo. Fodya, tsabola, tomato ndi mbatatesi ndi banja limodzi. Ziputu za fodya zosazulidwa zimene zimaphukira m'chilimwe zimasunga nsabwe ndi matenda mpaka nyengo ina, ndipo nazale za fodya zimafesedwa m'madimba momwemo cha m'ma Seputembala. Tsabola wakale amene mwamusiya kuti mwina apereka tizipatso tina, maungu omera okha pa dzala, mnadzi wa m'mphepete mwa mizere, zonsezi ndi nkhokwe za matenda. Dimba latsopano la mavwende lobzalidwa moyandikana ndi lakale lodwala, kumene mphepo ikulowera, mafuta sangalipulumutse.

Nazale iphimbeni ndi neti ya timabowo tating'ono kuyambira tsiku lofesa, m'mphepete mwake mutakwirira ndi dothi, kuti mbande zipite kumunda zili zabwino. Mukawokera, yalani udzu wouma pakati pa mizere. Nsabwe zamapiko zimakopeka zikaona kachomera kobiriwira pa dothi lambulanda, ndipo udzu umazisokoneza. Nzeru yake ndi yomweyo imene alangizi amakuuzirani kuti mtedza muzibzala msanga ndiponso mothinana kuti dothi lifundike, kadukutu achepe. Kenako zungulizani dimba ndi mizere iwiri kapena itatu ya chimanga kapena mapira, yobzalidwa masabata awiri kapena atatu mbewu yanu isanalowe. Nsabwe zobwera ndi mphepo zimatera kaye pa chimangacho n'kulawa, ndipo vayirasi wa tsabola kapena wa mavwende amatsalira m'menemo momwe sangakule. Mondokwa wakenso mudzagulitsa. Zomera zoyamba kuonetsa mawanga zizuleni msanga, muziike m'thumba pomwepo osazikoka m'mizere, mukazikwirire kutali.

Za dimba limene lilipo panopa, kawerengeni zomera 100 motsatana muone zodwala ndi zingati. Ngati sizikupitirira khumi ndipo mbewu zikadali zazing'ono, zulani zodwalazo muyambe mafuta sabata yomwe ino. Ngati zafika makumi awiri kapena kuposa, matenda ali kale paliponse m'kati, ndipo mafuta sabweza ndalama yake. Kololani zimene mungathe, muzule zotsalazo, padutse masabata angapo popanda mbewu ya banja limenelo, ndiye muyambe bwino ndi nazale yophimba. Pa ulendo woyambawo siyani mizere iwiri yosapopera mafuta kumapeto kumene mphepo imatulukira, ndipo Loweruka lililonse muzilemba m'kope chiwerengero cha zomera zodwala mbali zonse ziwiri. Pofika nthawi yokolola, kope limenelo mukalionetse alangizi anu, ndipo mudzadziwa ngati chaka chamawa mugulenso malita anayi aja kapena ndalamayo ipite ku neti ndi mbewu yabwino ya mbatatesi.